Galasi la Kapikapu ka Amalume

Bambo anga anali mkamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kamwendo. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, cha ku Chipata, ndipo kuno anabwera pa thiraki. Ankayendetsa mathiraki onyamula feteleza ndi fodya, ndiye ulendo wina thiraki inawafera pa Kamwendo, nakhala pamenepo kudikira chitsulo chochokera ku Lilongwe. Mayi ankagulitsa mtedza wokazinga m'mbali mwa msewu pomwepo. Chitsulo chinabwera, thiraki inadzuka n'kupita, koma kuyambira pamenepo dalaivala wake ankapeza chifukwa choimira pa Kamwendo ulendo uliwonse. Ine ndinabadwa choncho. Patapita zaka zingapo kunabadwa mng'ono wanga, nayenso wamkazi, ndipo tinathera awiri omwewo.

Matipate atangobwera, kampani imene bambo ankagwirako ntchito inagwa, ndipo anabwerera kumudzi ndi chikwama cha zovala ndi bokosi la masipanala. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi wake. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi ndi abale ake, ndipo mwini mbumba ndi malume. Nthawi yonse imene bambo anali pamsewu, zimenezi sizinkawakhudza kwenikweni. Ankafika ndi shuga, sopo ndi zitenje za ku Zambia, ndipo aliyense ankawaitana kuti alamu mano ali pamtunda. Atakhala pansi, anthu anayamba kuwayeza ndi khasu, ndipo kunena zoona khasu silinkawakonda. Munthu amene ankabweza thiraki ya ngolo yaitali cham'mbuyo pa malire osagunda kanthu ankalephera kuwongola mzere wa chimanga. Mayi ankachita kubwereza m'mbuyo mwawo.

Chimene manja awo ankadziwa chinali timagalimoto. Sindikunena tija ta mawaya timene anyamata amayendetsa ndi bango m'njira. Tawo tinali ta zitini, ndipo kalikonse kanali chifaniziro cha galimoto yeniyeni imene anaiyendetsapo kapena kuiona ndi maso awo. Ankapalasa njinga mpaka ku malire, kumene mathiraki amandandalika kudikira mapepala, n'kupempha dalaivala kuti ayeze galimoto yake ndi chingwe. Ankamanga mfundo pachingwepo kuti apa pathera mutu, apa payambira ngolo, apa pali tayala. Akafika kunyumba, pamene panali phazi lawo limodzi pa galimoto yeniyeni ankaika m'lifupi mwa chala chimodzi pachitini, osaonjeza, osachotsa. Madalaivala ambiri anali anzawo akale. Ankawaseka, koma ankawasungiranso zitini za oyilo ndi tizingwe ta magetsi.

Zitinizo ankazidula ndi sizasi ya okhoma zidebe, n'kuziwongola ndi botolo pathabwa, n'kuzilumikiza ndi mtovu umene ankasungunula pa mbaula. Matayala ankasema ku mapatapata akutha, n'kuwalemba mano ndi lumo. Nyali zakumbuyo ankapala ku mswachi wofiira wa pulasitiki. Penti ankapempha wotsala kwa wolemba zikwangwani pa Kamwendo, ndipo ankapaka ndi nthenga ya nkhuku, lilime lili panja. Akamaliza kupaka bwinobwino, ankatenga dothi lofiira, n'kusakaniza ndi vanishi, n'kuwaza kumbuyo kwa matayala ndi m'munsi mwa zitseko. Zimenezi ine zinkandipsetsa mtima. Munthu wavutika mwezi wonse, kanthu kakuwala ngati ka m'sitolo, kenaka n'kukadetsa dala. Ndikawafunsa ankati galimoto yopanda matope ndi yabodza chifukwa sinayendepo.

Chinthu chimodzi chokha chinkawakanika, magalasi. Pulasitiki ya mabotolo inkapindika ikangoyandikira moto, ya mapaketi inkachita makwinya, ndipo galasi lenileni linali lokhuthala kwambiri. Ankayesa ichi, kuyesa icho, kenaka n'kumata chimene chapezeka akudandaula kuti magalimoto awo ndi a ng'ala.

Mayi ankakalipa, koma ankakalipa pakamwa pokha. Ankati zitini zonsezo akanapangira makoloboyi ogulitsa pamsika bwenzi tili ndi mchere, ndipo pakhomo pathu nkhuku zikuyenda zopanda nthenga chifukwa cha penti. Koma anali mayi omwewo amene ankatola zitini pobwera kuchigayo. Matenti ofunditsa katundu pa timathirakito ankasoka ndi mayi, ku nsalu ya ambulera yakutha. Mlendo akabwera, mayi ndi amene ankamulowetsa m'nyumba kukamuonetsa shelefu, kwinaku akunena kuti taonani misala ya amuna anga.

Amene sankaseka nawo mwachikondi anali amalume, mlongo wa mayi wamkulu, mwini mbumba yathu. Anali ndi pikapu yoyera imene anagula atagulitsa fodya, ndipo ankanyamula matola pakati pa Kamwendo ndi Mkanda masiku a msika. Sanali munthu woipa. Mwana akadwala ankamunyamula kupita kuchipatala osafunsa za mafuta. Koma anali ndi kaseko kena kotulukira m'mphuno kamene mpaka lero ndikakamva kwa munthu wina mtima umandiwira. Ankakonda kunena pagulu kuti sanaonepo mwamuna wa ndevu akusewera ndi zitini, makamaka wopanda ndi mwana wamwamuna yemwe woti aziziyendetsa. Bambo ankangoseka nawo. Mkamwini sayankha zotere.

Mayi anayamba kutsokomola ine ndili kumapeto kwa pulayimale. Kuchipatala cha mishoni anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo anabwerako ndi envulopu yaikulu imene munali chithunzi cha m'chifuwa mwawo, chija amati ekisireyi. Anachikweza padzuwa kutionetsa nthiti zawo ndi kamtambo koyera mbali imodzi, n'kunena kuti mdani wake ndi ameneyu. Anamwa mankhwala, anachira pang'ono, kenaka anadwalanso. Bambo ndi amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuchapa zofunda, ntchito imene kwathu amagwira akazi okhaokha. Zaka zimenezo makasu okumbira manda sankauma dothi m'mudzi mwathu, ndipo ndinkamva anthu akunong'ona kuti matenda a masiku ano amabwera pa mathiraki. Zoona zake sindizidziwa mpaka lero. Mayi anamwalira mvula yoyamba itangogwa, ine nditangoyamba sekondale yoyendera, mng'ono wanga ali sitandade wani.

Titameta, akuluakulu anati kusudzula kudzachitika tikakolola. Kusudzula ndi tsiku limene abale a womwalira amamasula wamasiye. Angathe kumuuza kuti khalani mulere anawa, kapena angathe kumuthokoza n'kumuuza kuti njira ndi yoyera, apite kwawo. Akapita, amapita yekha, ana amatsala ndi mbumba ya mayi awo. Ine zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndinali nditaonapo amuna akutuluka m'mudzi mwathu ndi mphasa panjinga. Mayi anali atapita, ndipo chimene ndinkapempha m'mapemphero anga onse chinali chimodzi, chakuti bambo asachoke. Nawonso ankafuna chomwecho, ngakhale sitinakambiranepo.

Sabata yomweyo anatsitsa timagalimoto tonse pashelefu, natikulunga m'manyuzipepala, natiika m'makatoni pansi pa bedi. Kenaka anatenga khasu. Dzinja limenelo bambo analima ngati munthu amene akuthamangitsidwa. Ankapalira munda wathu, akatha n'kupita ku fodya wa amalume, kukathyola, kusoka, kukweza m'chigafa. Manja aja amene ankalemba mano a tayala ndi lumo anachita matuza, matuzawo anaphulika, n'kusanduka zikang'a. Pikapu ikavuta mabuleki ankagona pansi pake osadikira kupemphedwa. Mizere yawo inali yokhotabe, koma chimanga sichinasamale zimenezo, chinabereka. Ankatiphikira, ankamuluka tsitsi mng'ono wanga moseketsa kwambiri moti aphunzitsi ake ankachita kumumasula n'kumulukanso.

Amalume anayamba kufewa. Kaseko kaja kanachepa, ndipo nthawi zina ankawaitana bambo kuti akhale nawo kutsogolo popita ku Mkanda. Chimanga chitayamba kuuma, mayi aang'ono, amene anapondana ndi mayi, anandiuza kumjigo kuti amalume anena kuti mwina munthuyu angomusiya, alere ana ake mpaka akule. Ndinathamanga ndi ndowa pamutu, madzi theka n'kutayikira m'njira. Bambo atamva anakhala pansi pakhonde, naphimba nkhope ndi chipewa kwa kanthawi. Atachotsa chipewacho anati munthu akakuchitira chifundo chotere suyamika ndi pakamwa pokha, kupatsa n'kuika. Mbuzi analibe, ndipo nkhuku zinali za mayi. Chimene akanapereka chochokera m'manja mwawo chinali chimodzi.

Anatulutsa sizasi ndi chingwe chija, nayeza pikapu ya amalume mwini wake ali kudimba. Ankagwira ntchitoyo masana akaweruka kumunda, kuseri kwa nyumba, kuti idzakhale yodzidzimutsa. Sindinawaonepo akusamala kanthu ngati mmene anasamalira kameneka. Zitseko zinkatseguka. Chiwongolero chinkapota matayala akutsogolo. Anaikapo zitsulo zija amagwira okwera kumbuyo, tayala lapadera pamwamba, nambala yake, ndi pobonyoka pachitseko pamene ng'ombe inagunda. Ngakhale kagalasi koonera m'mbuyo kamene amalume anamanga ndi mphira, nawonso anakamanga ndi kamphira. Ine ndinkaona n'kumasangalala. Ndinkati munthu akalandira chinthu chotere sangathenso kuthamangitsa amene wachipanga.

Tsiku lina pobwera kusukulu ndinawapeza ndi beseni la madzi otentha, akupala chinthu chakuda ndi mpeni wobuntha. Pambali panali envulopu yaikulu ija. Zakudazo zinkachoka ngati mwaye, ndipo pansi pake pankatsala pulasitiki yoyera, yobiriwira pang'ono, yosalala, yosapindika. Anaikweza padzuwa monga mmene mayi anachitira, koma nthiti munalibenso, munkangooneka mtengo wa mango ndi mitambo. Anandiuza kuti galasi limene akhala akulifuna zaka zonsezi linali m'nyumba mwawo momwe. Ndinawafunsa ngati si chithunzi cha mayi. Anati mayi ali pachithunzi cha ukwati chimene chili pakhoma, ichi chinali chithunzi cha matenda amene anawazunza, ndipo ndi bwino chigwireko ntchito yabwino kamodzi. Anatinso mayi akanakhalapo akanawapatsa okha, poti ndi za mlongo wawo. Ankamwetulira koyamba chichitikire maliro, ndipo ine ndinaona kuti zimene akunenazo ndi zomveka. Mpaka lero ndimaziona choncho.

Tinakapereka Lamulungu titabwerako ku Misa. Amalume anali pansi pa mtengo pakhomo pawo ndi mayi aang'ono ndi anthu ena angapo. Bambo anagwada pambali monga mkamwini, nafunyulula nyuzipepala. Amalume anayamba ayang'ana kaye, kenaka anaseka, osati kaseko ka m'mphuno kaja, koma kuseka kwa mwana. Anatsegula zitseko, anapotokola chiwongolero, anaitana anthu kuti adzaone pamene ng'ombe inagunda. Anati ngakhale mphira wake ndi womwewu. Ine ndinaima kumbuyo nditagwira dzanja la mng'ono wanga, ndipo mumtima ndinkati basi, zatheka.

Kenaka anakweza kapikapuko kumaso, nasuzumira pagalasi lakutsogolo.

"Koma galasi ili, alamu, mwalipeza kuti? Likuoneka ngati la kufakitale."

Munthu wina aliyense akananena kuti ndinatola ku malire. Bambo sankatha kunama pa nkhani ya ntchito yawo. Anafotokoza zonse monyadira, za envulopu, za madzi otentha, za mmene zakuda zimachokera ukapala pang'onopang'ono. Ankalankhulabe pamene ine ndinaona kuti anthu onse akhala chete. Amalume anaika kapikapu pansi mosamala kwambiri, napukuta manja pa thalauza.

"Mwadula chifuwa cha mlongo wanga n'kuchiika m'galimoto yanga?"

Bambo akasokonezeka chilankhulo cha kwawo chinkatuluka. Anati, "Ni pulasitiki chabe, alamu." Mawu amenewa ndi amene anaipitsiratu zinthu. Mayi aang'ono anayamba kulira mokweza ngati maliro achitika kumene, akuti mkulu wanga amupala ngati chikopa. Amalume anafunsa chifukwa chimene nambala ya galimoto yawo yalembedwera pa chinthu chimene muli womwalira, ndi chifukwa chimene chinapangidwira mobisa kuseri kwa nyumba. Funso lililonse linali ndi yankho lake, koma panalibenso womvera. Bambo anakhalabe chogwada, nyuzipepala ili m'manja.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pofika kumjigo nkhaniyo inali yakuti bambo aika mzimu wa mayi m'galimoto ya amalume kuti iwagubuduze. Pofika pa Kamwendo inali yakuti makatoni a pansi pa bedi ndi ndege zoulukira, ndipo kampani ija inagwa chifukwa bambo anatsekera mathiraki ake m'zitini. Anthu omwe aja amene mayi ankawalowetsa m'nyumba kukaona shelefu, amene ankawomba m'manja ndi kupempha kuti awapangireko, tsopano ankati ankadziwa kale kuti pali china chake. Amalume anaimika pikapu masiku angapo mpaka itawazidwa madzi odalitsa. Za kapikapu kaja akuluakulu anasowa chochita. Kukaotcha sakanatha poti ankati muli mayi, kukasunganso sakanatha. Pomaliza anakakulunga m'nsalu n'kukakakwirira pambali pa manda a mayi, bambo osaitanidwa.

Ndinakwiya kwambiri masiku amenewo, moti ndinamenyana ndi mtsikana wina kusukulu amene anandifunsa ngati ndinabwera pa ndege. Ndinapita kwa amalume ndekha kukawauza kuti ine ndinalipo, ndinaona zonse, panalibe mankhwala ena alionse koma madzi ndi sopo. Anandimvetsera mpaka kumaliza, ndipo anandiyankha mofatsa kuti mwina n'zoona, koma munthu amene angathe kupala chifuwa cha mkazi wake osamva kanthu sangasungidwe pa mbumba ya eni. Maso awo anali ofiira. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti nawonso akulira mlongo wawo, ndipo zimenezi zinandikwiyitsa koposa chifukwa zinandilanda mpata wowada bwinobwino.

Tsiku losudzula kunabwera mkulu wawo wa bambo kuchokera kutsidya. Anthu anakhala pamphasa, amuna uku, akazi uku. Za kapikapu sizinatchulidwe ngakhale kamodzi. Amalume anayamika bambo chifukwa chodwazika mlongo wawo mpaka kumapeto, chifukwa cha kulima, chifukwa cha ulemu wawo zaka zonse. Anayamika motalika kwambiri moti aliyense anadziwa kumene mawuwo akupita. Kenaka anakankhira patsogolo mbale imene munali kachizindikiro ka mwambowo, n'kunena kuti kuyambira lero ndinu omasuka, njira ndi yoyera. Mkulu wawo wa bambo anafunsa za ana, ndipo anayankhidwa kuti ana ali kwawo. Bambo anapempha chinthu chimodzi, chakuti aziloledwa kudzationa. Amalume anati msewu ndi wa boma, palibe angawaletse kuyendamo. Ine ndinaimirira kuti ndilankhule, koma mtsikana salankhula pamalo otere. Mayi aang'ono anandikoka chitenje, ndipo bambo anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono kuti ndikhale pansi.

Anachoka m'mawa mwake. Makatoni anamangirira panjinga, chikwama anabereka kumsana, ndipo njingayo ankachita kuikankha chifukwa panalibe pokhala. Anthu ankasuzumira m'makonde, ndipo ndinamva wina akuti taonani, wanyamula zithumwa zake. Ine ndi mng'ono wanga tinawaperekeza mpaka pamsewu wa tala. Mwanayo ankaganiza kuti akupita ku malire kukayeza mathiraki monga kale, ndipo anawauza kuti amugulire masikono pobwera. Anavomera. Ine anandigwira phewa n'kundiuza kuti ndisasiye sukulu ndiponso ndisamayankhe akuluakulu. Chachiwiricho sindinachisunge.

Tinasamukira kwa mayi aang'ono. Sindinganame kuti ankatimana chakudya kapena kutizunza, ankatisamala ngati ana awo. Koma ankakhulupirira ndi mtima wonse zimene ankanena za bambo, ndipo mng'ono wanga akaweruka ankakhala nawo tsiku lonse pamene ine ndinali kusukulu kutali. Poyamba mwanayo ankafunsa za bambo tsiku ndi tsiku. Kenaka anayamba kufunsa mwa apo ndi apo. Kenaka tsiku lina tikutsuka mbale anandiuza, ngati akundiuza za nyengo, kuti bambo anadula mayi n'kuwaika m'chitini, ndipo munthu akalandira kanthu m'manja mwawo amafa. Ndinamutsina mpaka analira. Ndinamufotokozera zonse bwinobwino, za madzi otentha, za mmene bambo ankamulukira tsitsi. Anavomera ndi mutu chifukwa choopa kutsinidwanso.

Panapita chaka ndi miyezi. Tsiku lina la msika, wakabaza wina anandiimitsa panjira n'kundinong'oneza kuti pali bambo wina wa ku Zambia pakhonde la tiyirumu pa Kamwendo, akuti wakhala akudikira chiyambire m'mawa, ndipo m'mudzi sangalowe. Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga kathumba ka chimanga ngati ndikupita kuchigayo, n'kumutenga mng'ono wanga kuti akandithandize. Sindinamuuze kumene tikupita.

Ndinatsala pang'ono kuwapitirira. Jekete imene ndinkaidziwa inali ikulendewera pamapewa, ndipo khosi linali litatalika. Anaimirira atationa, koma chifuwa chinawagwira, ndipo anayamba atsokomola kaye atagwira chipilala. Kutsokomola kumeneko ndinkakudziwa, ndinali nditagona nako m'nyumba imodzi. Atapeza mpweya anati, "Amayi, mwakula," poti ankakonda kunditchula choncho, ndipo ine ndinalira pakati pa msika osasamala za anthu.

Mng'ono wanga anaima kumbuyo kwanga. Bambo ananjuta kuti alingane naye, namutchula dzina, namufunsa ngati akuwadziwa. Anangoyang'ana pansi. Anatulutsa masikono m'thumba la jekete, n'kunena kuti aja unandituma ndi awa, ndachedwa nawo. Mwanayo anabisa manja kumbuyo. Kenaka anamasula jumbo imene anali nayo, natulutsa kaminibasi kachikasu, kokhala ndi timipando m'kati ndi katundu padenga. Anati apangira iyeyo, kakhala kakudikira mwini wake. Penti wake sanali wosalala ngati kale. Analowetsa chala pazenera lililonse, kutsogolo ndi m'mbali, kuti mwanayo aone.

"Ona, mwanawe, mulibe galasi. Ndi chitini chokhachokha."

Mng'ono wanga anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma. Sanalire. Anandiyang'ana ine n'kunena motsitsa mawu kuti tiye tizipita, mayi aang'ono atikalipira. Ndinamugwira mkono kuti ndiutulutse kumbuyoko mokakamiza, ndipo ndikanamumenya pomwepo. Bambo anandiletsa. Anati ndisamukakamize, ndi mwana, akuchita zimene anamuuza, ndipo mwana womvera ndi wabwino. Anabweza kaminibasi m'jumbo. Ndinawapempha kuti andipatse ine ndikabise, koma anati akakapeza m'nyumba ya eni ndivutika ndine, adzabweranso nako mwanayo akadzakula pang'ono.

Tinakhala pakhondepo kanthawi. Anandifunsa za sukulu, za munda, ngati manda a mayi timalambula. Ine ndinadya sikono imodzi kuti asabwerere nawo onse. Nthawi yonseyi maso awo anali pa mwana amene anaima kukhoma akuyang'ana njinga zodutsa. Minibasi yopita ku boma itafika, anaimirira, nanditsanzika, namutsanzikanso iye pomutchula dzina kachiwiri. Anakwera ndi jumbo yawo pamiyendo. Ife tinapita kuchigayo, poti chimanga chinayenera kubwerera chili ufa.

Sanabwerenso. Uthenga unatipeza kudzera kwa dalaivala wina, maliro ataikidwa kale kutsidyako, ndipo palibe wa ife amene anaponyako dothi. Amalume atamva anabwera kudzandipepesa, anakhala pakhonde nthawi yaitali chipewa chili m'manja. Sindinatuluke.

Mng'ono wanga tsopano ndi mayi wa ana ake, ndipo zimene ankauzidwa zija anasiya kalekale kuzikhulupirira. Nkhope ya bambo saikumbuka. Akuti amangokumbuka khoma lozizira kumsana kwake ndi chinthu chachikasu. Amandifunsa kawirikawiri za tsiku limenelo, kuti anavala chiyani, ananena chiyani, ngati anakwiya. Ndimamuuza zonse mmene zinalili, kupatula chimodzi. Tsiku lina tikusenda mtedza pakhomo pake anasiya kusenda, n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Koma moni wokha ndinawapatsa, eti?"

Ndinamuuza kuti inde, unawapatsa, ndipo anasangalala kwambiri. Anapumira m'mwamba n'kupitiriza kusenda. Sanawapatse.